Upulofesa wa m'Bafa

"Katani ya pabalaza yapita kuti?" anafunsa mkazi wa Injiniya, tsache lili m'manja.

Anaipeza m'bafa. Mwamuna wake anali atakwera pa chidebe, akuimangirira pa misomali kuti ibise thanki ya chimbudzi. Kumtunda anali atatchena jekete ndi tayi, kumunsi kabudula wogonera.

Injiniya anali ataphunzitsa pa yunivesite zaka khumi ndi zisanu, akufufuza za mafunde a foni ndi kayendedwe ka magetsi. Akatswiri a m'mayiko akutali anali atatchula dzina lake m'zolemba zawo koposa zikwi ziwiri. M'mawa umenewo komiti inkayenera kumufunsa mafunso pa intaneti kuti ione ngati akuyenera upulofesa. Ku ofesi kwake kunali anthu openta, ndipo m'nyumba yonse netiweki inkangogwira pawindo la m'bafa basi.

"Woumba mbiya amaphikira m'phale," anatero mkaziyo. "Chaka chatha munati mukonza netiwekiyi Loweruka."

"Sindinanene kuti Loweruka liti. Chonde mayi, ola limodzi lokha, aliyense asagogode."

Injiniya anakhala pa chivindikiro cha chimbudzi, laputopu pamaondo. Nkhope zisanu zinatulukira. Wapampando anali mayi wa imvi, wa magalasi otsetsereka pamphuno. Mphindi makumi awiri zoyamba zinayenda ngati madzi. Injiniya anafotokoza mmene milongoti ya foni ingagwirire ntchito magetsi atazima, ndipo mitu isanu inkagwedezeka.

Kenako chitseko chinalira. Go! Go! Go!

Anali bambo ake, dalaivala wa basi wopuma pantchito, amene anabwera dzana kudzaonana ndi dokotala. M'mawawo anali atamwa mankhwala otsuka m'mimba, monga anawalamulira kuchipatala.

"Iwe, tsegula!"

Injiniya anatsokomola kuti aphimbe mawuwo.

"Manambala anu tawaona, ndi ochititsa kaso," anatero wapampando. "Koma tatiuzani, kafukufuku wanuyu wathandiza bwanji munthu wamba?"

"Munthu wamba ali pakhomo pano!" anakuwa bambo aja. "Basi yadzaza, ilibe mabuleki!"

Mmodzi wa a komiti anavula magalasi. Injiniya anatambasula mkono kuti atseke maikolofoni, chigongono n'kukola katani. Msomali unazuka, ndipo thanki inaonekera yonse, ndi chingwe chake chomwe.

Injiniya anayang'ana nkhope zisanu zija, anayang'ananso chitseko chimene chinkanjenjemera.

"Pepani akuluakulu," anatero. "Bambo anga akudwala, ndipo chipinda chino ndi chawo tsopano."

Anaimirira, kabudula n'kupereka moni kwa komiti yonse. Atangotsegula, bambo ake anamudutsa ngati mphepo. Injiniya atayenda mapazi atatu m'khonde ndi laputopu, nkhope zija zinauma pa sikirini, kenako n'kuzimiririka.

Anakhala pansi n'kutsamira khoma. Mkazi wake anabwera, natsegula pakamwa kuti amuseke, koma ataona nkhope yake anangokhala pambali pake.

"Zaka khumi ndi zisanu," anatero Injiniya. "Zathera m'chimbudzi."

M'bafa foni inalira. Anali ataisiya pawindo.

"Bambo, musayankhe!"

"Halo? Eya, ndine bambo wake. Ayi mayi, lankhulani, ndakhala bwinobwino."

Injiniya anagwira kumutu.

"Funso lanu lija ndinalimva," anapitiriza bambowo. "Zolembalembazo ine sindizidziwa. Koma kwathu magetsi akazima, foni zonse zinkafa. Mwanayu anavutitsa a kampani zaka ziwiri mpaka anaika mabatire amene iye anakonza pa mlongoti. Tsiku limene mayi ake anakomoka, magetsi kunalibe, koma ambulansi tinaiitana. Alipo mpaka lero, akundilalatira. Ee. Koma kunyumba kwake kuno, mayi, musafunse. Ndi manyazi okhaokha."

Kunamveka kuseka kwa bambowo, kenako madzi akukhuthuka. Anatuluka akumanga lamba, nkhope yawo itawala ngati ya munthu amene watula katundu wolemera.

"Akuti chiyani?" anafunsa Injiniya ndi mawu otsika.

"Akuti upite Lachinayi, mukaonane maso ndi maso. Akutinso ukalembe za mlongoti uja, chifukwa m'mapepala ako onse mulibemo."

"Sindinkaona ngati ndi za sayansi zimenezo."

"N'chifukwa chake sunakhale pulofesa. Ndipo akuti uvale thalauza."

Mkazi wake anaseka mpaka misozi. Injiniya anavula jekete, napita kuseri kukatenga makwerero ndi waya wa netiweki umene unakhala m'katoni chaka chathunthu. Akuyamba kukwera kudenga, bambo ake anaima mwadzidzidzi, dzanja lili pamimba.

"Kwera bwino mwananga, koma makwererowo achoke panjira," anatero akubwerera. "Basi ija ili ndi ulendo wachiwiri."