Mzere wa Dzanja la Bambo

Chitsiriza ankadana nawo mzere umenewo kuyambira kale. Unali wakuda, wonona, wofika m'mapewa mwa munthu wamtali. Unkayambira pachitseko cha chipinda cha makolo ake, n'kutsata khoma la m'kolido, kudutsa pabafa, mpaka kukathera pabalaza pamene panali mpando wa bambo ake. Bambowo anali makaniko. Atadwala matenda ofa ziwalo mbali imodzi ankayenda chogwirira khoma, koma sanasiye kutokosa timainjini pakhonde ndi dzanja lotsalalo. Dzanja lomwelo ndi limene linkasiya oilo pakhoma, chaka ndi chaka.

Bambo atamwalira, Chitsiriza anabwerera pakhomo kudzasamala mayi ake, amene anali atayamba kuiwalaiwala. Ankaika shuga mufiriji, ankafunsa funso limodzi mpaka munthu kutopa nalo, koma m'nyumba mwawo sankasochera, ndipo mwana wawo ankamudziwa. "Chitsiriza iwe, wavala chiyani chimenecho?" Mawu amenewa sankalephera m'mawa uliwonse.

Mtsikanayu ankagwira ntchito m'sitolo ya makatani, ndiye za mitundu ankati palibe womuphunzitsa. Nyumba ya kwawo inkamuchititsa manyazi. Balaza linali la buluu, chitseko cha bafa chofiira, cha kuchipinda chobiriwira, chifukwa bambo ankangopaka penti aliyense amene watsala kugalaja. Makasitomala ake onse ankafuna mitundu yofatsa: wamkaka, wamchenga, wotuwa ngati phulusa. Iye ankawauza mwaluso kuti mitundu yotere siilongolola, imapumitsa mtima. Ankanena zoona, vuto lake n'lakuti ankazikhulupirira mopitirira muyeso.

Anawatumiza mayi kwa mkulu wake kuti akachezeko, n'kuitana wopenta. Bamboyo atasisita mzere uja ndi chala, anapukusa mutu.

"Awa ndi mafuta, achemwali. Tikangopaka pamwamba, atulukanso."

"Ndiye muwapale. Sindikufuna kuwaonanso."

Wopenta anapala mpaka kufika pasimenti, anamata, anapaka. Makoma onse anakhala amkaka, zitseko zonse zotuwa. Kunena chilungamo, nyumba inakongola. Chitsiriza anaima pabalaza n'kumva ngati wapuma mpweya wabwino koyamba.

Mayi atabwera, anaima pakhomo, anavula nsapato, nati, "Odi."

Chitsiriza anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. "Lowani, amayi. Mwaiona nyumba yanu?"

"Zikomo, mwanawe," anatero mayiwo motsitsa mawu. Analowa monyang'ama n'kukhala m'mphepete mwa mpando, chikwama chili pamiyendo.

Chitsiriza anangoti n'kutopa ndi ulendo. Koma kutacha chikwama chinali pamiyendo pomwepo, ndipo za zovala zake palibe chimene ananena. Ankalankhula monong'ona. Akapatsidwa tiyi ankathokoza mpaka kuchititsa manyazi. Tsiku lina anafunsa kuti odzaona odwala amalowa nthawi yanji.

Chimene chinkamuopsa kwambiri Chitsiriza chinali kayendedwe kawo m'kolido. Masanasana, dzuwa likuwala pamakoma oyerawo, mayi ankatuluka dzanja lili m'mwamba, zala zikufufuza m'malere pafupi ndi khoma osalikhudza. Ankagogoda pachitseko chilichonse n'kudikira kuyankhidwa. Mapazi awo sankamveka. Chitsiriza akatembenuka ankangowapeza ataima kumbuyo kwake, akumwetulira mwaulemu ngati mlendo amene akuopa kufunsa kumene kuli chimbudzi. Ndipo tsiku lina anadzionongera ataima pakhomo pa bafa penipeni, akudikira kuti wina awalole kulowa.

Akuwasambitsa, m'pamene anakumbukira. Anali atawaona kambirimbiri mayi ake akuyenda dzanja lili pamzere uja, atalitukula kupitirira msinkhu wawo, ndipo ankangoti ndi ukalamba. Sunali ukalamba. Mwamuna wawo ankawatsogolerabe kuchokera kuchipinda kupita kubafa, kuchokera kubafa kupita pabalaza, ndipo iye, mwana wodziwa mitundu, anamuchotsa pakhoma ndi sandipepa. Mtima unamuwawa kwambiri moti anakhala pansi m'madzi momwemo.

"Amayi, ndine ndani ine?"

Mayi anamuyang'ana mokoma mtima. "Ndinu wabwino inu. Enawo sindinawaone, koma inu ndinu wabwino."

Chitsiriza anagula penti wobiriwira n'kupaka chitseko cha kuchipinda. Mayi anachidutsa osachiona. Chitsiriza anatenga mpeni n'kukanda khoma la m'kolido, mwina pansi pake patsalako kadontho. Anangopeza simenti. Wopenta uja ntchito yake ankaidziwa.

Ndiye madzulo ena ataweruka, dzuwa lisanalowe, anapita kuseri kumene kunali zitsulo za bambo ake. Anapeza chitini cha oilo wakale, wakuda bii, n'kuviikamo chikhatho. Anakaima pachitseko chobiriwira chija, anatukula dzanja mpaka pamene ankakumbukira, nayamba kuyenda. Msinkhu unamuchepera, ndiye ankachita kupendekeka, phewa limodzi m'mwamba, thupi litatsamira kukhoma. Mwendo wina unayamba kutsalira wokha. Silipasi inkakhwekhwereza pasimenti, khwee, kenako phazi linalo, khwee, kenako linalo. Phokoso limenelo ankalidziwa, ndipo m'nyumbamo linali lisanamvekenso chichokereni maliro.

Pabalaza chikwama chinagwa pansi.

"Mwabwera?"

Mayi anatulukira m'kolido mofulumira kuposa mmene anayendera chaka chonsecho, nkhope ikuwala, dzanja limodzi likukonza duku. Mawu awo anali omwe aja akale, okweza, a mwini nyumba.

"Mwachedwatu inu! Ndakhala ndikukudikirani, anthu ake ano..."

Anaima. Anayang'ana kumbuyo kwa Chitsiriza, kumene kunalibe munthu, kenako mtsikanayo, kenako oilo amene ankayenderera pakhoma lamkaka. Kuwala kuja kunazima pang'onopang'ono.

"Amayi, ndine Chitsiriza. Muno ndi mwanu. Gwirani apa, taonani, gwirani."

Mayi anasendera pafupi. Anamugwira dzanja lakudalo, nayamba kulipukuta ndi nsonga ya nsalu yawo, chala chimodzichimodzi, monga ankachitira iye ali mwana.

"Anesi, mwadetsa khoma la eni ake," ananong'ona. "Pukutani msanga asanaone, angakuchotseni ntchito. Ine sindinena. Ndikudikira bambo a kunyumba, abwera kudzanditenga."

Anabwerera pabalaza, anatola chikwama chawo, n'kukhalanso m'mphepete mwa mpando, maso ali kukhomo.