Nkhuti ya Kuseri kwa Mpanda

Kuno ku Mphanje fumbi ndi lofiira, ndipo silikhazikika. M'mawa limadzutsidwa ndi malole a mchenga, masana ndi njinga za kabaza, madzulo ndi ana. Dzuwa la Okutobala likafika paliwombo zonse zimangoti psuu: malata atsopano, masamba a mitengo ya mango yotsala, makolala a malaya amene ndayanika pachingwe. Utsi wa mauvuni a njerwa umakwera mwaulesi, uku ndi uko, ndipo fungo la nkhuni zaziwisi limalowa mpaka m'kabati ya mbale.

Dzina lakuti Mphanje analipereka ndi anthu oyamba kugula malo, chifukwa pano panali thengo ndi timinda ta chimanga, ulendo wa ola limodzi pa minibasi kuchokera m'tauni ya Lilongwe. Ife tinabwera zaka zinayi zapitazo, mwana ali kumsana. Nthawi imeneyo ukaima pakhomo pathu nyumba unkaziwerenga ndi zala, zala zina n'kutsala. Lero angawerenge ndani? Pamene wagona pali udzu, umadzuka pali maziko. Ukapita kumudzi kumaliro sabata imodzi, pobwera umafunsa njira ya kunyumba kwako komwe.

Tonse tinathawa nyumba za lendi. Tonse tinati ana athu akulire popita mphepo, pabwalo pawopawo, kutali ndi ngalande zonunkha za m'tauni. Ndiye ana alipodi. M'mawa misewu imadzaza timayunifolomu, tina tothina, tina togulira kukula, zikwama zikugunda m'timiyendo. Nkhalamba kuno n'zosowa. Ndi mudzi wa matewera pachingwe, mudzi wa timapazi pafumbi.

Koma nyumba siigwa kumwamba. Nyumba iliyonse ya kuno inatuluka m'nthaka ya pano pomwe. Munthu akagula puloti amaitana oumba njerwa, iwo n'kukumba, n'kuponda matope, n'kudzaza zikombole, n'kuyala njerwa padzuwa, n'kuziotcha. Nyumba ikakwera, dzenje limatsala, ndipo dzenje limenelo ndiye nkhuti. Nyumba iliyonse ili ndi nkhuti yake monga munthu aliyense alili ndi mchombo. Kungoti mwini wake akamamanga mpanda amaonetsetsa kuti nkhutiyo yatsala kunja.

Yathu ili kuseri kwa mpanda wathu, pa puloti ya munthu wina amene anagula malo n'kupita ku Joni, mpaka lero. Anaikumbitsa ndi amuna anga, bambo a Ndaziona. Madzi oponderera matope ndinkatunga ndine, ndowa ndi ndowa, ndipo ndinkatsikira nazo m'menemo, ndiye ndikuidziwa bwino. Mbali ya kunjira imatsetsereka mofatsa, mapazi anayi, asanu, kenako imaduka mwadzidzidzi, chifukwa pamenepo m'pamene panali dothi labwino. Mwamuna wamtali akaima pansi pake sankaoneka mutu. M'chilimwe mumakhala mapepala ndi mabotolo. M'dzinja mumakhala madzi.

Ndinawauza bambo a Ndaziona kuti tiikwirire. Chaka choyamba anati tiyambe tafolera nyumba. Chachiwiri anati tiyambe taika mawindo. Chachitatu anandifunsa kuti dothi lokwiririra ndilitenga kuti, kapena ndikufuna agwetse nyumba aibwezere m'menemo, ndipo anaseka okha mpaka kutsokomola. Amuna anga si munthu woipa ayi. Koma amachoka kusanache, amabwera dzuwa litalowa, ndipo nkhuti yawoyo itadzaza tho amaiona Lamlungu lokha, chapatali, atavala jekete, akusamala nsapato.

Ndaziona ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ali Sitandade wani. Ndi mwana woyenda akuimba, maso ali kwina. Amaimira chule, amaimira chitsekerero cha botolo, amaimira mwana wa galu. Kusukulu n'kufupi, kapena ndinene kuti kunali kufupi. Sukulu itatsegulira mu Seputembala ankadzera kanjira kolunjika kodutsa m'mapuloti, ine n'kumamuona nditaima pageti mpaka atalowa m'bwalo la sukulu. Mu Okutobala wina anamanga mpanda pakanjirako. Ana anakhota, naponda kanjira kena. Mu Novembala nakonso kanatsekedwa, mabotolo oswa ali waliwali pamwamba pa mpanda. Ana anakhotanso. Pofika Januwale podutsa panatsala pamodzi pokha: kampata ka pakati pa mpanda wathu ndi m'mphepete mwa nkhuti, kopapatiza moti akuluakulu awiri sangapatukirane.

Kuyambira pamenepo mantha anasamukira m'nyumba mwanga. Sindibisa, ndimaopa. Ndimaopa ndikusesa, ndimaopa ndikuchapa, ndimaopa ndikuimba nyimbo m'tchalitchi. Ndine mwana wa mlimi, mvula ndinkaikonda, kafungo ka dothi lonyowa kankandikumbutsa kwathu. Lero dontho loyamba likati thi pamalata ndimathamangira foni kuti ndione nthawi. M'mawa ndimamuperekeza mpaka titadutsa pakampatapo, iye kumbali ya mpanda, ine kumbali ya madzi. Masana ndimakamudikira pomwepo. Madziwo sachita phokoso, salira, saopseza. Amangoti phee, ofiirira, see ngati pakhonde pozira kumene, moti mwana akhoza kuganiza kuti m'poyendapo.

Ndikadandaulira ndani? Anansi anga ndimawadziwa ndi galimoto zawo ndi agalu awo: a galimoto yoyera, a galimoto yofuka utsi, a galu wolira ngati munthu. Moni timapatsana ndi hutala. Tili ndi gulu la pafoni la anthu a dera lino, ndipo tsiku lina ndinalembapo kuti ana akudutsa pafupi ndi madzi akuya. Anthu anayi anaikapo kachala kovomereza, wachisanu anatsatsa anapiye. Sindinalembenso. Ndinaopa kuti wina wanzeru afunsa kuti kodi anakumba ndani.

Lachitatu lija, mu Febuluwale, kunacha mbee. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe, matope a dzulo lake anali atayamba kung'aluka, malata onse a Mphanje akuthobwa m'maso. Ndinati lero ndapuma. Ndinasenza chimanga kupita ku chigayo, chimene chili kuseri kwa sukulu, ndikuti ndikamaliza ndidzere mwana tibwerere limodzi. Koma ku chigayo magetsi anali atazima, ndipo tinakhala pamzere, azimayi ambirimbiri osadziwana, aliyense atakhalira thumba lake, maso pafoni.

Sindinauone mtambo ukubwera. Ndinangoona kuti chithunzithunzi changa chasowa pansi. Nditadzutsa mutu, kum'mawa konse kunali bii, ndipo mdimawo unkayenda. Mphepo inadutsa yozizira, inanyamula gaga ndi mapepala, inagwetsa lata penapake. Kenako zii. Kenako mvula.

Thumba ndinalisiya pomwepo. Ndinafika pasukulu nditanyowa kale mpaka m'kati, ndipo m'kalasi ya Sitandade wani munali aphunzitsi okha, akusuntha mabuku pamalo podontha. Anandiuza kuti ataona mtambo uja anawamasula ana msanga, kuti athamange akafike kwawo mvula isanayambe. Ananena mokoma mtima, akumwetulira, poganiza kuti andithandiza.

Ndinathamanga. Madzi saiwala khwawa, koma kuno makwawa onse tinawamangira mipanda, ndiye madzi amadzera momwe mumadzera ana. Kanjira kalikonse kanali kamtsinje kofiira, kakukokolola mchenga wa anthu, zidutswa za njerwa, matewera otayidwa. Timitsinje tonseto tinkalowera mbali imodzi, ndipo ine ndinkadziwa kuti ndi kuti. Patapata imodzi inaduka, inayo ndinaivula ndekha.

Pakampata paja kanjira panalibe. Nkhuti inali itasefukira mpaka kukhudza mpanda wathu, ndipo pamwamba pa madzi mvula inkavina ngati mafuta m'chiwaya. Ndinadutsa nditagwira khoma ndi manja onse, madzi akulekeza m'maondo, ndinakafika pageti pathu. Loko anali chikhomere, kiyi ali pamfundo ya chitenje changa. Mwana panalibe. Ndinaitana dzina lake, mvula inalimeza. Ndinaitananso, ndinamenya geti langa lomwe ngati wamisala, ngati kuti mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akanalumpha mpanda wautali kuposa bambo ake.

Ndinabwerera, ndinalowa m'madzi. Sindidziwa kusambira. Ndinkangodziwa mapazi aja, loyamba, lachiwiri, lachitatu, ndi pamene nthaka imathera. Madzi anafika m'chiuno, anafika m'chifuwa, ozizira ngati mpeni. Ndinkafufuza ndi zala za kumapazi, ndinkapalasa ndi manja, matope akundikoka. Pemphero linandisowa, pakamwa panga pankangotuluka ayi, ayi, ayi. Ndinkapempha kuti ndisakhudze kanthu, ndipo ndinkapitiriza kufufuza kuti ndikhudze.

Pamphepete penipeni pa phompho lija phazi langa linagunda kanthu. Ndinamiza mutu, ndinakatola m'matope, ndinakatulutsa. Inali nsapato ya sukulu, yakuda, yaing'ono, lamba ali chimangire. M'kati mwake munali sokosi, ndipo sokosiyo inali ikadali yoyera.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Dziko lonse linati zii, ngakhale mvula inali ikukhuthukabe.

"Amama!"

Mawuwo anachokera kutsidya kwa njira. Pakona pamenepo pali okala ya matabwa ya mayi wina, a Nachisale, amene ndimagulako sopo ndi machesi osawayang'ana kumaso. Anali ataima pakhomo pa okalayo, ndipo m'khwapa mwawo munali kamutu, kokutidwa chitenje.

"Tulukanimo, mayi, mwana wanu ali kuno. Ndinamukokera muno mvula itangoyamba. Ndakhala ndikukuitanani, simumamva."

Sindikumbuka mmene ndinatulukira. Ndimakumbuka kuti ndinagwada m'matope, ndinamugwira kumaso, ndinamugwira m'mapewa, ndinatsika mpaka kumapazi. Nsapato zake zinali kumapazi, zonse ziwiri. Ndinakondwa. Mulungu andikhululukire, ndinakondwa mpaka kuseka, nsapato ya mwana wa munthu wina ili m'dzanja langa.

A Nachisale ndi amene sanaseke. Anayang'ana m'dzanja langamo, kenako anamufunsa Ndaziona mofatsa ngati ankayenda yekha. Mwanayo anati ayi, anali ndi Upile, mnzake wokhala naye pa desiki imodzi, koma Upile anathamangira kutsogolo chifukwa ankaopa kunyowetsa makope atsopano. A Nachisale anati iwo anaona mwana mmodzi yekha. Ndinamufunsa Ndaziona kuti Upileyo amakhala kuti.

"Pageti lakuda," anatero, akuloza kumtunda ndi chala.

Kumtunda kumeneko mageti onse ndi akuda.

A Nachisale anathamangira m'nyumba ina yosatha kukaitana amisiri amene anausa mvula m'menemo, ndipo ndinawaona akutuluka ndi mapaso aatali, akuvula malaya. Ine ndinamusiya Ndaziona mu okala, ndinamulumbiritsa kuti asasunthe, n'kukwera chitunda. Ndinkadziuza kuti ana amataya nsapato tsiku ndi tsiku. Ndinkadziuza kuti matope anangomuvula, iye n'kuthamanga ndi phazi limodzi lopanda kanthu, ndipo panopa ali pambaula, akukalipiridwa. Ndinkalakalaka kumva mwana akukalipiridwa.

Mvula inali ikukata. Kumadzulo kunang'ambika kamzere kowala, ndipo mipanda yonyowa inayamba kunyezimira mbali zonse ziwiri za msewu, yaitali, yofanana, yopanda pomwe ungasuzumire. Geti loyamba anayankha ndi galu. Lachiwiri munthu anafunsa ali m'kati kuti ndani, ndinatchula dzina langa, anati sakundidziwa, ndipo kuti kuno kulibe mwana. Lachitatu anatsegula kazenera kakang'ono, anaona mayi wopanda nsapato, matope mpaka m'tsitsi, natsekanso. Zaka zinayi ndili kuno, ndipo ndinalibe khomo ndi limodzi lomwe loti ndigogode n'kuitana munthu ndi dzina. Pageti lililonse lokana mtima unkati myaa pang'ono, kenako mantha n'kubwerera ochuluka kuposa poyamba, chifukwa mageti otsala ankachepa.

Geti lachisanu ndi chimodzi sindinagogode. Linali lotsegula, ndipo pakati pake panaima mayi wachitsikana, wapakati, ambulera m'dzanja limodzi, kajuzi ka mwana m'dzanja linalo. Sindinali nditamuonapo. Iyenso sanandiyang'ane kwenikweni, maso ake anali kumsewu, kumbuyo kwanga.

"Pepanitu amayi, mwachokera cha kusukuluko? Ana a wani aweruka?"

Dzanja langa logwira nsapato lija linali kumbuyo, ndipo linakana kubwera kutsogolo. Ndinalikoka ndi mphamvu zanga zonse. Mayiyo anayang'ana nsapatoyo, anayang'ana sokosi. Ambulera inapendekeka pang'onopang'ono mpaka inakhudza pansi, ndipo madontho otsala anayamba kumugwera kumaso. Sanalire. Anandifunsa ndi mawu aang'ono, aulemu, kuti ndaitola kuti.

"M'nkhuti," ndinatero. "Nkhuti yathu."