Kompyuta ya Mkamwini

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inathawira kutali mpaka anthu kumapita ku chilumba cha Chisi pa njinga, Enoki anagulitsa injini ya boti lake. Boti lenilenilo linatsala pamatope ouma ku Kachulu, litapendekeka, mbuzi zikubisala dzuwa kunsi kwake. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri boti limenelo ndilo linkamupatsa ulemu kwa Mwambo, kumudzi kwa mkazi wake Emma, kumene ankakhala pa chikamwini. Amene anamanga nyumba ndi iye, koma malo anali a kuchikazi, ndipo mwana wake mmodzi yekhayo, Brenda, anali wa kuchikazinso.

Eni mbumba anali a Edwadi, mchimwene wake wa Emma. Sanali munthu woipa mtima. Anangonena tsiku lina akupuntha kampunga kochepa ka chaka chimenecho, osamuyang'ana Enoki, kuti mlongo wawo wadyetsa mwamuna kwa nthawi yokwanira, ndipo mvula ikadzagwa zinthu zikadali chomwecho adzaitana ankhoswe. Emma anali pomwepo akupeta. Sanatsutse.

Nzeru ya kompyuta Enoki anaitola ku Zomba. Anaona kachipinda kena kuseri kwa depoti, anthu atapanga mzere panja kudikira kusewera mpira wa pa sikirini. Kumsika wa kwawo kunalibe zotere, pomwe anyamata amene kale ankakoka khoka ankangoswera pakhonde la golosale. Mwini kachipindako anamuuza kuti kompyuta ya magemu sagula yathunthu, amagula ziwalo zake n'kulumikiza, ndipo akafuna kudziwa zoyenerana afunse AI, pulogalamu ya pafoni imene munthu amalemberana nayo ngati akucheza ndi mnzake.

Netiweki kumudziko inkapezeka pa chulu cha kuseri kwa sukulu. Enoki ankakwera pamenepo masana, ana ali m'kalasi. Sukulu anafika nayo Fomu 4, choncho ankalemba Chingerezi, chikamuthera n'kumalizitsa ndi Chinyanja, ndipo chinthucho chinkamva. Tsiku loyamba anayamba ndi moni, nafunsa ngati bwana aswera bwino, monga ankachitira kwa dokotala kapena kwa mkulu wa sukulu. Chinamuyankha mwaulemu, chinati maganizo ake ndi abwino, ndipo chinayamba kumufunsa za magemu amene akufuna ndi kuchuluka kwa anthu amene adzasewere. Enoki anakhala pansi pa chulupo. Panali patapita miyezi yambiri munthu asanamufunse maganizo ake pa chinthu chilichonse.

Anacheza nacho masiku anayi. Chinamuphunzitsa kuti mtima wa kompyuta ya magemu ndi khadi la zithunzi, kuti khadi limenelo liyenerane ndi purosesa, umene ndi ubongo wa kompyutayo, ndiponso kuti pali kabokosi kogawa magetsi mkatimo, kotchedwa pawa sapulayi. Iye ankakopera mayina ndi manambala kumapeto kwa kope lakale la Brenda.

Tsiku lachinayi chinamufunsa funso lina. Chinati chisanamalize mndandanda, chikufuna kudziwa kumene kompyutayo idzakhale, ngati kuli magetsi a mawaya odalirika kapena adzagwiritsa ntchito sola kaya jenereta, chifukwa khadi limene anagwirizanalo limadya magetsi ambiri.

Enoki anayang'ana kumudzi. Padenga la nyumba yake pankaoneka kasola kamene ankatchajira mafoni ndi kuyatsira mababu awiri. Mitengo ya magetsi inathera kutali, ulendo wa ola limodzi pa njinga. Iye anakulira pakhomo pamene mlendo waulemu sankauzidwa kuti ufa watha. Mayi ake ankatha kukabwereka ndiwo kuseri, n'kubwera nazo akumwetulira, mlendo n'kuchoka akuyamika. Tsono bwana amene anamulemekeza masiku anayi, amene ankamuyesa munthu wa bizinesi, amuuze kuti amakhala kumatope, mkamwini wodikira kuthamangitsidwa? Analemba kuti amakhala mu tauni ya Zomba ndipo magetsi si vuto.

Chinabwerezanso, chinati ngati pali kukayika kulikonse anene, pali njira zina zosadya magetsi ambiri. Iye anathokoza chifukwa cha chisamaliro, nabwereza kuti zonse zili bwino. Mumtima anati magetsi ndi magetsi, adzaona pofika.

Ziwalozo anakagula ku Limbe ndi ndalama za injini ija, zambiri zogwiritsidwapo kale ntchito. Wogulitsa anawerenga kopelo, nati amene analemba mndandandawu amadziwa zinthu. Anamulumikizira pomwepo n'kuyatsa. Bwalo lobiriwira linatuluka pa sikirini, osewera akuthamanga ngati anthu enieni, udzu ukuoneka umodziumodzi. Pobwerera Enoki anafungatira bokosilo pamiyendo mu minibasi mpaka ku Zomba, ndipo pa msewu wafumbi wopita kunyanja analikulunga ndi chitenje cha Emma.

Anachita lendi kachipinda ka njerwa zosawotcha pamsika, nasamutsirako sola, batire ndi inveta ya kunyumba, kabokosi kosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba. Loweruka m'mawa anthu anadzaza mpaka pawindo. A Edwadi anabwera nawo, manja ali kumbuyo. Enoki anadina batani. Mafani oziziritsa m'kati mwa bokosi anazungulira, sikirini inawala, koma gemu itangoyamba inveta inalira kamawu kosongoka, zonse n'kuzima. Anayesanso katatu. Katatu konse inalira chimodzimodzi.

"Alamu," anatero a Edwadi, "injini ija inkamveka mpaka ku Chisi. Ndi imeneyi yasanduka mwanapiye?"

Anthu anaseka. Enoki anasekanso nawo, chifukwa mlamu samukwiyira pagulu. Anati batire linali lisanadzaze, abwerenso Lachiwiri.

Pamsika pomwepo panali Che Abudu, wowotcherera njinga ndi makasu, amene anali ndi jenereta yakale. Enoki anapita kukawapempha Lolemba. Che Abudu anakana poyamba. Anati jenereta yawo ndi ya zitsulo, mphamvu yake imakwera n'kutsika mmene yafunira, ndipo inapsereza kale wailesi ya kanema ya pa ukwati wina.

"Achimwene, funsani kaye amene anakulangizani zinthu zimenezi. Ine ndimadziwa zitsulo basi."

Enoki anapita pa chulu paja. Anatsegula foni. Mawu ake anali pomwepo, osafufutika: ndimakhala mu tauni, magetsi si vuto. Kuti afunse za jenereta ya Che Abudu, anayenera kuyamba wavomera kuti ananamiza munthu amene anamuchitira zabwino zokhazokha. Analemba moni, naufufuta. Analembanso kuti pali mnzake wina wa kumudzi amene akufuna kudziwa, koma anaona kuti bodza lachiwirilo likununkha kuposa loyamba, nalifufutanso. Anakhala pamenepo mpaka belu la sukulu linalira. Potsika anauza Che Abudu kuti wafunsa, ndipo akuti palibe vuto.

Lachiwiri masana anakoka waya kuchokera kumalo owotchererako. Kompyuta inayaka, gemu inayamba, ndipo ulendo uno sinazime. Anthu awiri oyamba anakhala pa benchi, ena akuwakuwiza kumbuyo. Wina anagoletsa, chipinda chonse chinaphulika ndi chisangalalo. Enoki anaima pakona akuonerera. Pawindo anaona Emma ataima ndi dengu pamutu, akuyang'ana mkati.

Zinatha mwina theka la ola. Jenereta inatsokomola, inakhala ngati ikuzima, kenaka inabangula mwamphamvu kuposa kale. Mkati mwa bokosi munamveka kuthetheka kamodzi kokha, kosakweza n'komwe. Sikirini inada. Fungo la pulasitiki wopserera linadzaza chipindacho, ndipo anthu anatuluka mmodzimmodzi. Che Abudu anabwera, ananunkhiza bokosilo, nagwira Enoki paphewa, n'kubwerera ku ntchito yawo.

M'mawa mwake Enoki anakweranso pa chulu, nalemba zonse: mudzi, kasola, jenereta, utsi. Anapepesa chifukwa cha bodza lija. Ankayembekezera kudzudzulidwa, ndipo mwina zikanamupepukira. Chinthucho chinati chamva chisoni ndi zimene zachitika, palibe chifukwa chopepesera. Chinamuuza ziwalo zimene mwina zapsa ndi mmene katswiri angaziyezere. Kumapeto chinawonjezera kuti kwa malo a sola ngati akewo, laputopu yosadya magetsi ambiri ndi batire lina limodzi zikanatha kuyendetsa mpira womwewo, ngakhale zithunzi zikanakhala zosakongola kwenikweni. Enoki anawerenga mzere umenewo kawiri, nathokoza, n'kuzimitsa foni.

Katswiri wa ku Zomba anatsegula bokosilo patebulo lake, nati pawa sapulayi yapita ndipo yatenga khadi la zithunzi ndi bolodi lalikulu lolumikiza ziwalo zonse. Zotsalazo anati n'zosakwana kuyambira pabwino.

Mvula yoyamba inagwa sabata yotsatira. Emma ndiye anamuuza, akusankha mbewu ya chimanga pa mphasa, kuti achimwene atumiza uthenga kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Enoki anafunsa chimene iye akanene kumeneko.

"Ndikanena zimene ndaona, bambo a Brenda. Injini mukanagulitsa n'kutaya ndalamazo m'madzi, bwenzi ndikuti ndi tsoka. Koma Che Abudu anakuuzani kuti mufunse, inu munati mwafunsa. Munafunsa?"

"Ayi."

Emma anapitiriza kusankha mbewu.

Ankhoswe anakumana pansi pa mtengo wa mango kwa a Edwadi. Panalibe kukalipirana. Anagwirizana kuti Enoki abwerere kaye kwawo ku Songani, akapeze chochita, ndipo za m'tsogolo zidzaoneka. Aliyense amene anakhala pamenepo ankadziwa tanthauzo la mawu amenewo. A Edwadi anamuperekeza mpaka pamsewu wa mudzi, akumuuza kuti pakhomo ndi pake, azibwera kudzaona mwana.

Ananyamuka Lolemba m'mawa, chikwama ndi bulangete atazimanga pa keriyala. Brenda anali atavala kale yunifomu, ndipo njira yawo inali imodzi mpaka pa mphambano ya kusukulu. Enoki ankakankha njinga, mwanayo atagwira chishalo. Matope ankakakamira ku matayala. Pa mphambanopo Brenda anafunsa kuti adadi abwera liti.

Enoki anatsegula pakamwa kuti anene kuti posachedwapa. Mwanayo anali atamuyang'anitsitsa, akudikira.

"Sindikudziwa, mama," anatero. "Sindikudziwa."

Brenda anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nasiya chishalo. Anakhotera kusukulu osathamanga, ngakhale belu linali litalira kale.