Dzina Lomwe Wailesi Sinatchule

Mabenchi obwereka kutchalitchi anangoti ndondondo pabwalo, opanda wokhalapo. Verlyn, amene anabwera kuchokera ku Toronto atamva za imfa ya bambo ake, anali atatopa mpaka m'mafupa. Mawa ndiye mwambo woika maliro, koma khofi ankazizira mumphika.

“Wailesi yalengeza kawiri konse. Anthu ali kuti, amalume?”

A Fitzroy, amalume a Verlyn, sanadzutse mutu pa nthochi zomwe ankasenda.

“Yalengeza kuti amwalira a Cuthbert Providence. Ndani ameneyo? Ine mlamu wawo ndinayamba ndadzifunsa kaye.”

Pachilumba cha St Vincent uthenga wa maliro umatchula dzina la ubatizo, kenako lomwe anthu amakuitana nalo. Lachiwirilo Verlyn analichotsa dala potumiza uthengawo. Bambo ake, wophika buledi wa kokonati, aliyense ankawati Chubby, mawu achingerezi onenera khanda lonenepa, la masaya ofuna kutsina. Dzinali linkamuchititsa manyazi chiyambire kusukulu.

“Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, wafa ali mafupa okhaokha, timutchule choncho pawailesi? N'chipongwe chimenecho.”

“Ndiye umunyamule wekha ndi ulemu wakowo,” anatero a Fitzroy. “Bokosi limafuna anthu asanu ndi mmodzi.”

Zinamuwawa, koma mphamvu zokangana analibe. Analowa m'nyumba n'kupeza mayi ake, a Ionie, akulongedza zovala zoti akawaveke malemuwo: suti, taye, ndi majuzi atatu.

“Majuzi achani, amayi, kutentha konseku?”

“Ankavala mkati mwa malaya.” A Ionie anapitiriza kupinda. “Matenda atawadya, m'mawa uliwonse ankati ndiwaveke onse atatu, ndiwakhazike pakhonde. Thukuta kamukamu. Ndikawakalipira ankati, ‘Ana asukulu akandiona ndaonda achita mantha, asiya kubwera kudzatenga buledi.’ Anawo akamadutsa n'kukuwa kuti ‘Chubby!’ iwo ankadzisisita pamimba n'kumaseka.”

Verlyn anakhala pabedi. Zonsezi sankazidziwa, pakuti pafoni bambo ake ankangomuuza kuti ali gwa. Analira pang'ono, kulira kwa munthu wotopa.

Kenako anaimbira kuwailesi kuja. Dzina la Chubby lija analitchula kawiri kuti wolembayo asaphonye, koma mayi wa kumeneko anamudula mawu.

“A Chubby a buledi? Amwalira? Mayo ine! Bwanji simunanene?”

Verlyn anaika foni pansi, n'kutenga juzi lachitatu m'manja mwa mayi ake, n'kulipinda yekha.