Kapu Yoboola ya Sesiliya

A Enoch Miti anafika pa sukulu ina ya ku Chipangali m'chaka cha 1993 atanyamula sutikesi imodzi ndi mfundo imodzi, ndipo cholemera chinali mfundoyo. Ankati mbiri yakale si yoloweza ngati katekisimu. "Mbiri ili m'nyumba zanu," ankauza ana a Giredi 8. "Buku ili analemba munthu amene sanapondeko kuno." Bukulo linalinso limodzi kalasi yonse, lopanda chikuto, choncho mwina mfundoyo inabadwa ndi umphawi, koma iwo ankaikhulupirira ndi mtima wonse.

Anauza ana kuti aliyense abwere ndi chinthu chakale cha kwawo, ndipo afotokoze mbiri yake ngati kuti iye mwini analipo. Ena anabweretsa makasu akutha, wina mkondo wopanda mpini. Sesiliya, mtsikana wamanyazi amene mawu ake sankafika ngakhale pa desiki lachiwiri, anabwera ndi kapu yachitsulo yadzimbiri, yobooledwa pansi ndi msomali.

A Miti anakulira pa mishoni pafupi ndi Chipata, kumene manda ndi a simenti ndi mitanda. Sankadziwa kuti kumidzi kuno kapu ndi mbale za womwalira amaziboola n'kuzisiya pamtumbira pake, kuti wamoyo asadzamwerenso. Iwo anangoona dzimbiri, mtima n'kudzaza ndi chimwemwe.

"Tiuze, Sesiliya."

Mtsikanayo anagwira kapu ndi manja awiri. Mawu amene anatuluka anali otsika, okhakhala.

"Ndinali kamtsikana, mlongo wanga ali kumsana, pamene azungu anabwera ndi mfuti zolira osapuma. Ng'ombe zonse anakusa. Ife tinathawira kuphiri, kuphanga."

Anapitiriza kusimba mpaka belu linalira. A Miti, kunena zoona, anakondwa kwambiri. Za nkhondo imeneyo buku lawo linali ndi mizere iwiri yokha, ndipo apa mwana wa m'kalasi mwawo ankatchula mitsinje imene anthu anawoloka ndiponso mizu imene anadya.

Kuyambira tsikulo ankamuitana kutsogolo phunziro lililonse, ndipo nkhani inkasendera pang'onopang'ono kuphanga kuja. Sesiliya anayamba kukana desiki, n'kumakhala pansi atatambasula miyendo. Tsiku lina anapempha mnzake fodya wa m'mphuno. Ana anaseka poyamba, kenaka analeka kuseka, n'kuyamba kumutalikira. A Miti zonsezi anaziona bwino lomwe, koma anadziuza kuti mwanayo ali ndi luso la zisudzo. Munthu wophunzira sasowa dzina lopatsa chinthu chimene chikumuopsa.

Lachisanu masana, ana atangoweruka, kunabwera a Yosefina, mayi wake wa Sesiliya, matope a kumunda akali kumapazi. Sesiliya anali pambuyo pawo, akuyenda chowerama.

"Aphunzitsi, mundipatse kapu ija."

"Amake Sesiliya, mwana wanu akuchita bwino kwambiri."

"Mwana wanga sakundidziwa. Dzulo wandifunsa kuti, 'Ndiwe mwana wa yani, iwe?' Kapu ija anakaitenga kumanda. Kunyumba kwathu kulibe chakale, ndipo iye ankaopa kubwera chimanjamanja pamaso panu."

Manyazi ndi mantha zinawagwira a Miti nthawi imodzi. Anatenga kapu pa shelefu. Inali yozizira ngati yangochoka mumtsuko.

Akuluakulu a m'mudzi anali atalola kale kuti alowe kumanda, koma panalibe amene anafuna kuwaperekeza. Anapita atatu, dzuwa lili paliwombo. Atangolowa mu nkhalango ya manda kunazizira, ndipo phokoso la nyenje linatsalira kunja. Sesiliya ndiye ankatsogolera. Sanayang'ane uku ndi uku, anangolunjika pa mtumbira wina wakale wotitimira, umene unali ndi mphika wosweka kumutu. Pambali pa mphikawo panali kadzenje kozungulira, pamene kapu inakhala zaka zambiri.

A Miti anagwada, natambasula dzanja kuti aibwezere.

"Dikira, mwana iwe," anatero Sesiliya ndi mawu aja. "Sindinamalize."

A Miti anatukula maso. Nkhope inali ya mwana, koma maso amene ankawayang'ana anali otopa ndi odekha.

"Wandiitana wekha. Unati ukufuna kumva kwa amene analipo. Zimene zinachitika m'phanga muja palibe anazinena. Amene tinatuluka tinali ochepa, ndipo tonse tinatseka pakamwa mpaka kufa. Lero ndikuuza zonse. Ukaiika pansi, sudzamvanso."

Dzanja la a Miti linaima m'malere. Ankafuna kumva. Chiyambire ku koleji akhala akufunafuna mawu amenewa, a munthu amene anaona ndi maso ake, ndipo tsopano anali patsogolo pawo, akungodikira kuti avomere. Anadziuza kuti nkhani yotsalayo siingakhale yaitali. Mwana wapirira masiku onsewa, kodi pang'ono chabe pangavute chiyani?

"Aphunzitsi," anatero a Yosefina motsitsa mawu, "ndili naye mmodzi yekhayu."

A Miti anatsinzina, naika kapu m'kadzenje kake.

Sesiliya anapuma mwamphamvu ngati wavuuka m'madzi. Anawongoka msana, nayang'ana mitengo ndi mitumbira.

"Amama, tili kuti kuno?"

Anali mawu ake enieni, aang'ono aja. A Yosefina anamukumbatira, namubereka kumsana ngakhale anali wamkulu, miyendo ikulendewera. Podutsa pamene a Miti anagwada, a Yosefina anaima pang'ono, osawayang'ana.

"Dzanja lanu ndinaliona, aphunzitsi. Linaima."

Lolemba Sesiliya sanabwere kusukulu, ndipo sanadzabwerenso.