Magazi a Yunesi Sanapite ku Salisbury

Nkhani ya Yunesi anthu akuikamba mokhotetsa, ndiye imvani mmene inayendera.

Pasukulu ya mishoni kufupi ndi Sinda panafika mlendo pa njinga, kabokosi kathabwa atamangirira kumbuyo. Anali a Feston, mwana wa ku Vubwi, wophunzira ku koleji yaikulu ya ku Salisbury. Ati akuluakulu awo anawatuma kuti patchuthi azionetsa ana maikulosikopu, makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso.

Aphunzitsi a Moffat sanachedwe kugamula: anyamata aone makina, atsikana akapalire mtedza wa sukulu. Yunesi ananyamula khasu mtima ukuwira. Mtsikana woposa kalasi yonse pa masamu, ati khasu!

Tsono a Feston, kuiwala mphekesera za masiku ano a Chitaganya, anangoti, "Ndani andipatse kadontho ka magazi?"

Mayo ine! Anyamata anatulukira m'mawindo, masileti mbwee. "Anamapopa! Abwera kudzapopa magazi!" Mfuu inafika mpaka kuchitsime.

Yunesi anaponya khasu n'kulunjika kukalasi. Pakhomo anakumana ndi azakhali ake a Margret, amene amamulera, ali wefuwefu, nkhata ikadali pamutu.

"Iwe Yunesi! Magazi ako akangopita ku Salisbury, sukulu yathera pompano. Ndikutumiza ku Katete ukalere ana a eni!"

"Nanga akapanda kupita, azakhali?"

"Usandiyankhe!"

Koma mwana uja analowa. A Feston anali njo, singano m'manja, manyazi atawagwira.

"Yambani ndinu, achimwene," anatero Yunesi.

Iwo anaseka, n'kudzibaya, n'kupaka kadontho pa kagalasi. Yunesi anatsinzina diso limodzi n'kusuzumira m'makinamo. Poyamba mbuu, ngati nkhungu ya kudambo. A Feston atapotoza kachitsulo kam'mbali, mtsikanayo anaona timikanda tofiirira, tothithikana ngati nyemba m'lichero. 

"Tsopano anga. Singano yanuyo sungani."

Anasolola pini yomwe inagwira diresi lake paphewa, n'kudzilasa yekha pachala, n'kupaka kadontho pa kagalasi kena. Atasuzumiranso anafuula, "Aphunzitsi! Magazi a ku koleji ndi magazi a kukhasu ndi amodzimodzi!"

A Moffat anangotsokomola.

Kenaka Yunesi anachotsa kagalasi kake pamakinapo.

"Chemwali, timagalasito ndili nato tochepa," anadandaula a Feston.

"Kagalasi n'kanu, magazi ndi anga. Mukafuna, mukakapemphe kwa azakhali."

Anatuluka n'kukaika m'dzanja la a Margret, amayi onse a kuchitsime akuonerera.

"Nawa. Ngakhale ku Sinda sanafike."

A Margret anakatembenuza, kukayang'ana padzuwa, kukanunkhiza. Anagwira chala cha mwanayo n'kuchifinya, ngati kuti aone kuti atsalamo. Kenaka anakamanga pakona ya chitenje, mfundo ziwiri.

"Mawa usachedwe sukulu," anatero. "Koma kamwa lakolo lidzakupweteketsa."

Yunesi sanadikire mawa. Anathamangira kumunda wa mtedza akukuwa, "Siyani makasu inu, dzaoneni zomwe zili m'thupi mwanu!"

Atsikana anandanda pamakina, aliyense ndi pini yake kapena munga. A Moffat anatsegula pakamwa kuti aletse, koma akanaika ndani pamzerepo? Anyamata awo anali panja, kusuzumira pa mawindo omwe aja anathawira.