Kamera Yoyang'ana ku Geti

Achimwene anaika loko watsopano patebulo, pakati pa makapu osatsuka a anthu a pamaliro, n'kunena kuti nkhani yatha.

Mzime, mwana wotsiriza m'nyumbamo, sanadzutse mutu. M'manja mwake munali kabolodi kobiriwira kosadzaza n'chikhatho chomwe, kamene anakapeza katagwera kuseri kwa kabati. Kanali kakompyuta ka malemu bambo awo, amene moyo wawo wonse anali wokonza mawailesi. Kankakhala pazenera la pabalaza, kamera yake itayang'ana ku geti, ndipo ana ankaseka kuti mdala wayamba mantha ndi akuba pakhomo popanda choba. Tsiku loika maliro mlendo wina anakazula n'kutenga chingwe chake kutchajira foni. Anthu a masiku ano amalira ndi diso limodzi, linalo likusaka soketi.

Dzulo lake, maliro atatha, amayi anasowa. Anatuluka anthu ali kalikiliki kubweza mipando yobwereka, ndipo anakapezeka kuseri kwa msika, opanda nsapato, mapazi atachekeka ndi mabotolo, akufunsa odutsa njira ya kusukulu kumene anasiya kuphunzitsa kalekale. Ana onse ankadziwa kuti amayi amaiwalaiwala. Zoti zinafika pamenepa sankadziwa, chifukwa bambo pafoni ankangoti kuno n'kwabwino.

Maganizo a achimwene anali akuti lokoyo akhale kunja kwa chitseko cha kuchipinda kwa amayi, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana nayo azibwera kudzawapatsa chakudya ndi kuwasambitsa. Kwawo sakanawatenga. Alamu anali atanena kale kuti nyumba ndi yaing'ono ndipo ana akuwaopa agogo awo.

"Achimwene, mukuti tiwatsekere amayi ngati mbuzi?" anafunsa Mzime.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Uwatenge iweyo. Popita kuntchito uziwabereka kumbuyo. Ine sindikufuna kuika maliro awiri mwezi umodzi."

Mawuwo anamuwawa Mzime chifukwa anali oona. Iyenso anali ndi ntchito yake kutali, ndi kachipinda kamodzi ka lendi. Komanso achimwene sanali munthu woipa. Ndiwo anachotsa timagalasi m'mapazi mwa amayi, misozi ikugwera m'beseni.

Mzime anakalowa m'kashedi ka bambo kukasaka chingwe china cha kakompyutako. Munkanunkhabe mtovu wowotcha. Anabwera ndi chingwe, kiyibodi yothothoka mabatani ndi kawayilesi ka kanema kakale, n'kuyala zonse patebulo. Ali mwana ndiye ankawagwirira bambo tochi, ndiye zala zake zinali zisanaiwale. Analowetsa kakhadi ka memori, nalumikiza kalamba kopyapyala ka kamera, nayatsa. Kanyali kofiira kanayaka koma chithunzi sichinabwere. Alamu anadutsa ndi tsache n'kunena kuti anthu ali pachisoni, ena ali pa zidole. Mzime anazimitsa, anatembenuza kalambako poti anali atakalowetsa chagada, nayatsanso.

Atanyamula kamera n'kuilozetsa kunja kwa zenera, geti linaonekera pagalasi la kanemayo. Koma chithunzicho chinali chachilendo: mtengo, msewu ndi chingwe choyanikapo zovala, zonsezo bambo anazipaka zakuda pachithunzipo kuti mphepo ikagwedeza nthambi kamera isamavutike. Anangosiya kanjira kochokera pakhomo ndi getilo. Mphaka atadutsa, kakompyuta sikanachite kanthu. Achimwene atatuluka kukalavula, kanyali kobiriwira kanaphethira, chithunzi chawo n'kusungidwa pomwepo. Kanachunidwa kuti kazidikira chinthu chachikulu ngati munthu, ndiponso woyenda pakanjira kochokera m'nyumba muno, osati wodutsa mumsewu.

Mzime anatsekula pamene pankasungidwa zithunzi zakale. Wakuba munalibe ndi mmodzi yemwe.

Choyamba chinali cha amayi ali pageti, chikwama cha m'manja pamkono, kumapazi kulibe nsapato. Chotsatira chinali msana wa bambo, atavala vesiti, akutuluka pageti lomwelo, nsapato zachikazi zili m'manja, juzi ili paphewa. Chachitatu chinali cha awiriwo akubwerera, amayi atavala nsapato ndi juzi, bambo atawanyamulira chikwama. Tsiku lina zinali chimodzimodzi, linanso chimodzimodzi, kunja kuli dzuwa, kuli mvula, miyezi n'kumapita. Chimene chinkasintha ndi bambo okha. Vesiti inayamba kuwakulira. Kenako m'dzanja lina munabwera ndodo. M'zithunzi zomaliza anali atatsamira chipilala cha geti, mutu uli pansi, akupuma, koma nsapato osazisiya. Palibe chithunzi n'chimodzi chomwe chimene anawagwira amayi pamkono kuwabweza.

Achimwene anali ataima kumbuyo kwake, ndipo Mzime sanadziwe kuti anafika nthawi yanji. Anayang'ana mpaka zithunzi zinatha.

"Ndiye zinawapha n'zimenezi," anatero ndi mawu osasa. "Iwenso zikupha."

Mzime anachita mantha ndithu, ndipo anawakwiyira bambo ake chifukwa chosenza okha katunduyo n'kumanama pafoni. Anapita pamene kakompyuta kamachunidwira. Panali kabokosi kolembamo nambala yolandira uthenga kamera ikaona munthu. Munali nambala ya bambo, ya foni imene tsopano inali yozima m'thumba la achimwene. Anaifufuta pang'onopang'ono, ndipo zinamupweteka ngati akuwaikanso m'manda kachiwiri. Kabokosiko kanakhala kopanda kanthu kwa nthawi ndithu. Achimwene anayang'ana kumbali. Mzime analemba nambala yake.

Anabwezera kakompyuta pazenera, nakamata ndi tepi pamene panali chizindikiro cha tepi yakale, ndipo chingwe anachidutsitsa kuseri kwa kabati kuti wina asadzachionenso. Achimwene ndi alamu ananyamuka madzulo omwewo. Loko sanamutenge. Anangomuuza Mzime kuti akatopa asachite manyazi, kiyi ali pomwepo.

M'mawa mwake Mzime ali kukhitchini, akuganiza zimene akawauze abwana ake, foni inalira m'thumba. Anathamangira pakhomo, mutu utaima, osadziwa kuti ayambire pati kusaka nsapato za amayi. Kuseri kwa chitseko kunali msomali umene anali asanauonepo, wokhomedwa pofika dzanja la munthu wothamanga. Pamenepo panali juzi, ndi nsapato zomangidwa pamodzi ndi zingwe zake. M'kati mwake bambo anali atamatamo timasiponji todulidwa bwinobwino, pamene pamakhala chidendene.

Amayi anali ataima panja pa geti, chikwama pamkono, mabandeji atada kale ndi fumbi. Atamva mapazi kumbuyo sanacheuke.

"Lero mwachedwatu, bambo ake," anatero.

Anagwira chipilala n'kutukula phazi limodzi, kudikira. Mzime anagwada pafumbipo nayamba kumasula zingwe.